Zitini Zotupa za ku Jenda

Chaka chimenecho mvula inadula mu Januwale, ndipo pofika Febuluwale mabanja ambiri a m'mphepete mwa tawuni ya Mzimba ankadya kamodzi patsiku. Mayi Mavis Chimbalanga, a ku Zomba, omwe ankagwira ntchito m'maofesi a pa boma, anaimirira m'tchalitchi n'kulengeza kuti akutsegula nkhokwe ya ovutika. Aliyense abweretse chimene angathe: nsomba za m'chitini, nyemba, ufa, mchere. Anthu anaomba m'manja.

Woyamba kudzipereka kuti athandize anali Providence, yemwe anthu ankamutchula kuti NyaJere. Ankachapa zovala m'nyumba za anesi ndi aphunzitsi. Mwamuna wake anapita ku Joni zaka zinayi zapitazo n'kukhala zii, kumusiya ndi ana atatu. Kwa masabata atatu NyaJere ankasenza makatoni kuchokera m'masitolo, kupukuta fumbi pa zitini, n'kuzisanja m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Sanapemphe kanthu. Ankaganiza kuti munthu amene akumuona tsiku ndi tsiku, mapazi ong'aluka, sangamuiwale pogawa.

Lachinayi panabwera makatoni awiri ochokera kwa wamalonda wina wa ku Jenda. Powatsegula, NyaJere anapeza zitini za nsomba zisanu ndi ziwiri zotupa, zina zadzimbiri.

"Izi ndi zoola," anatero Mayi Mavis atanyamula chimodzi ndi zala ziwiri. "Ukazitaye kudzala. Alendo asazione."

"Yewo, mama."

Anaziika pambali m'thumba la saka, koma sanazitaye.

Loweruka, tsiku logawa, bwalo linadzaza. A Evance, mlembi wa komiti, ankaitana mayina, ndipo aliyense woitanidwa ankagwada, kulandira zitini ziwiri ndi mbale ya ufa, kenako kumwetulira pa foni ya Mayi Mavis. NyaJere ndiye ankapereka zitinizo m'manja mwa mayiwo. Mayina anatha, lake osamveka.

Anadikira kuti anthu achepe, n'kuyandikira.

"Mama, ndapota, ine dzina langa silinamveke."

Mayi Mavis anaseka mokweza kuti akomiti onse amve. "Iwe? Mwamuna wako ali ku Joni. Ukufuna ulande chakudya cha amasiye?"

"Satumiza kanthu, mama. Ana anagona ndi njala dzulo."

"Zimenezo ukakambe ndi apongozi ako. Sesa pano, titseke."

Anasesa. Atamaliza anatenga thumba lija, kulikulunga m'chitenje, n'kuyamba ulendo. Mumtima ankati akaziwiritsa kwambiri nsombazo, mwina ana sadwala. Sanafike n'komwe pamsewu. Zitini zinagundana, a Evance n'kumva.

"Imani pomwepo, NyaJere! Mwabisa chiyani?"

Anthu omwe ankapita anabwerera. A Evance anakhutula thumbalo, zitini n'kugubuduka pafumbi.

"Ndi zotaya zija, mama," anatero NyaJere akuyang'ana Mayi Mavis. "Munati nditaye. Mbwenu ndinati m'malo motaya..."

Mayi Mavis anayang'ana zitinizo, kenako anthu. Akanavomera, aliyense akanayamba kutembenuza zitini zake n'kufunsa za makatoni a ku Jenda.

"Ine ndinakuuza zimenezo liti?" anatero modekha. "Abale, mwaona? Masabata atatu tikusunga mbava."

Anamulamula kuti atole zitinizo, aziike m'beseni, asenze pamutu. Anamuimika pakhomo la kachipinda kaja, n'kumujambula. NyaJere anaweramitsa nkhope, koma mayi wina yemwe anali atangolandira ufa anamugwira chibwano n'kumudzutsa mutu kuti aoneke bwino. Ena anaseka. Ena anaphimba mbale zawo ndi zitenje n'kuchoka mwakachetechete.

"Zakhudzidwa ndi manja akuba, sitingapatse munthu," anatero Mayi Mavis. Anamuperekeza mpaka kuchimbudzi cha kuseri, ndipo NyaJere anaponya zitinizo m'dzenje, chimodzichimodzi, mayiwo ali chiimire pakhomo atatseka mphuno.

Dzuwa lisanalowe chithunzicho chinali pa gulu la WhatsApp la amayi a mpingo, ndi mawu akuti, "Samalani ndi uyu m'nyumba zanu." Lamlungu abusa anayamikira Mayi Mavis chifukwa cha mtima wachifundo ndi maso akuthwa. NyaJere sanapite kutchalitchi. Anakathyola masamba a maungu m'munda mwa mlamu wake, ana n'kudya omwewo opanda mchere.

Lolemba m'mawa anapita kukachapa monga mwa masiku onse. Nyumba yoyamba sanamutsegulire, ngakhale wailesi inkamveka m'kati. Yachiwiri anamuuzira pawindo kuti apeza wina. Yachitatu inali ya a Rachel, namwino wa ku Dedza, yemwe NyaJere anamulerera mwana kwa zaka ziwiri.

A Rachel anatuluka ndi mtolo wa zovala, koma anaima pageti.

"Ine sindikhulupirira zonse zimene anthu akunena," anatero osamuyang'ana m'maso. "Komabe muzichapira kunja kuno. Madzi ndikupatsirani pampanda."

"Yewo chomene, anesi."

A Rachel anaika mtolowo pansi, kulowa m'kati, n'kukhoma geti ndi loko. NyaJere anagwada m'mbali mwa msewu, pomwe ana asukulu ankadutsa akumuloza, n'kuyamba kupatula zoyera ndi zakuda.