Sipika Yong'ambika ya Ambrose

Ambrose anabwera kuchokera ku Kitwe, kumigodi ya ku Zambia, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 atanyamula zinthu ziwiri zokha zoti munthu n'kuloza: gitala yamagetsi ndi chibokosi chakuda cha sipika, momwe munalinso kamakina kokwezera mawu. Tsitsi lake lofika m'mapewa silinafike nawo ku Balaka. Analimeta pachipata cha Mchinji ndi sizasi yobuntha, poti masiku amenewo boma silinkafuna kuona mwamuna wosunga tsitsi lalitali. Anzake omwe anapita nawo kumigodi anabwerako ndi njinga, mawailesi ndi makina osokera. Iye anabwerako ndi phokoso. Umo ndi momwe anthu a pa Balaka ankanenera, ndipo tisanamizane, sankalakwitsa kwenikweni.

Ku Kitwe kuja Ambrose sanakhalitse pansi pa mgodi. Anakumana ndi Chester, munthu wakwathu konkuno, wowonda ngati bango koma wa makutu akuthwa, ndipo anayambitsa bandi. Nyimbo zawo ankazitcha zachitsulo, chifukwa zinkalira ngati zitsulo zikumenyana, zolemera, zosanyengerera munthu. Anyamata akumigodi ankadzaza holo n'kumagwedeza mitu mpaka thukuta kamukamu. Kwa zaka zingapo Ambrose sanagwire fosholo kapena khasu. Ankadya gitala, kuvala gitala, nyumba n'kulipira ndi gitala. Chimenechi ndiye chinamuwononga, chifukwa munthu amene anaonapo chinthu chikutheka ndi wovuta kumuuza kuti sichitheka.

Kulira konseko kunkachokera m'sipikamo. Mkati mwa sipika mumakhala pepala lakuda lokhala ngati mbale, limene limanjenjemera mawu akamatuluka. Tsiku lina Chester anatenga lezala n'kulicheka pepalalo uku ndi uku, akutchera khutu pakacheko kalikonse. Ambrose anatsala pang'ono kumupanda. Koma atakhudza nsambo za gitala, m'bokosimo munatuluka kubangula kosasa mawu, kokanda pamtima. Mkuwa utatsika mtengo makalabu anayamba kutseka, bandi inabalalika, Chester anakwera lole yolowera kumpoto osamvekanso. Chimene chinatsala cha iye ndi macheko aja basi.

Mkazi wa Ambrose, Martina, anali kwawo kwa Mposa ku Machinga, komwe ankalima mpunga ndi amayi ake uku akulera mwana wawo Dailesi. Mwa mwambo wake, mkamwini akabwera kuulendo amayenera kukhala pamudzi pa mkazi wake, kutsegula munda, kuoneka kuti pakhomo pali mwamuna. Ambrose anagonapo masiku owerengeka chabe.

"Ndipatseni nthawi, mayi a Dailesi," anatero. "Ku Balaka kuli sitima, kuli mabala, kuli anthu. Ndikangokhazikika ndidzakutengani. Munthu amatha kudya ndi nyimbo zokha, ine ndinaona ndi maso angawa."

Martina anamumangira mpunga m'kathumba n'kumuperekeza mpaka pamsewu.

Pa Balaka anapeza kachipinda pafupi ndi njanji, ndipo eni mabala anamulandira ndi manja awiri atangoona gitala yamagetsi. Ankamulandira kamodzi kokha. Akangoyamba kuimba, anthu ankaika chibuku pansi n'kuyang'anana.

"Achimwene, kodi chigayo chanucho chikugaya chiyani?" wina anafunsa tsiku loyamba, bala yonse n'kufa nazo.

Anthu ankafuna rumba, zoti munthu agwire mnzake m'chiuno. Ambrose ankazidziwa ndithu, koma m'sipika yong'ambika ngakhale rumba inkatuluka ngati ndewu. Ndiye masana ankapita kusiteshoni kukatsitsa matumba a feteleza, n'kumadziuza kuti imeneyo si ntchito, akungothandiza anzake. Akabwerako ankatseka chitseko, kutsitsa mawu a sipika mpaka pansi, n'kuimba yekha. Zikatero Kitwe yense ankalowa m'kachipindamo, fungo la holo, kuseka kwa Chester, unyamata wake womwe. Ankazisowa zinthu zimenezi mpaka chifuwa kumupweteka. Martina naye ankamusowa, ndipo kusowa kuwiriku kunkamukokera mbali zosiyana.

Mvula inagwa n'kusiya, inagwanso n'kusiya, Martina akadali kwa Mposa.

Kenaka kunabwera msonkhano wa chipani. Masiku amenewo atcheyamani akabwereka chinthu chako, iwe unkangothokoza kuti akuona. Sipika inanyamulidwa kupita kubwalo, atcheyamani anakonza kukhosi, ndipo mawu awo anatuluka ngati ng'ombe yatsamwidwa ndi chitsononkho. Amayi anabisa nkhope m'zitenje, mapewa okha akugwedezeka. Madzulo ake ayufi awiri, anyamata a chipani, anabweza chibokosicho, nafunsa Ambrose ngati khadi la chipani ali nalo, ndiponso ngati anachitira dala. Khadi anawaonetsa. Anachoka akumuuza kuti chinthu chodwala chimafunika chipatala.

Amene anaona mwayi pa nkhaniyi ndi Che Swaibu, mkulu wa lole amene ankagula mpunga ku Machinga n'kumagulitsa m'misika ya mumsewu waukulu. Anamupeza Ambrose kusiteshoni, thumba lili paphewa.

"Achimwene, tsitsani kaye thumbalo," anatero. "Walahi, inu mukuvutika dala. Chibokosi chanu chija chilibe chinzake kuyambira ku Phalula mpaka kwa Kawinga. Matani pepalalo chilankhule ngati munthu. Ine lole ndili nayo, za maukwati ndimazimva msanga. Loweruka lililonse muzikaimba, feteleza ameneyu muwasiyire ena."

"Likamatidwa, Che Swaibu, mawu aja apita."

"Mudzalichekanso mukadzakhuta."

"Iyayi. Pepalalo lakalamba, silingapirirenso lezala. Komanso dzanja limene linacheka si langa."

Che Swaibu anamuyang'ana monga momwe munthu amayang'anira mbuzi yokana msipu.

"Nanga akazi anu akuti chiyani?"

Apa ndi pamene Ambrose anazindikira chinthu chochititsa manyazi: Martina anali asanamvepo nyimbo zimene zinamulanda mwamuna. Kwa Mposa kunalibe magetsi, ndipo ku Balaka anali asanapondeko. Choncho anapempha kuti ulendo wotsatira wokagula mpunga akwere nawo pamodzi ndi katundu wake, ndi kuti amubwereke batire la lole kwa kanthawi.

Anafika dzuwa litapendeka pang'ono. Lole inaima pansi pa mtengo wa mango m'mphepete mwa dambo, anthu n'kuyamba kukweza matumba. Martina anatulukira kuchokera kumunda, miyendo ili matope, ndipo Ambrose anaona kuti mkazi wake wawonda, m'khosi mwatuluka mitsempha imene iye sankaidziwa. Anapatsana moni wa ulemu ngati alendo.

"Khalani apa," anatero Ambrose, akumuyalira thumba. "Ndikufuna mumve."

Analumikiza mawaya kubatire, nakhudza nsambo. Nkhuku zinabalalika. Mbalame zinadzuka mumpunga zonse pamodzi, zimene ana anakhala akuzikuwiza mwezi wathunthu osatheka. Apongozi ake anatulukira kuseri kwa nkhokwe akufunsa ngati lole yapsa. Martina anadzidzimuka n'kugwira makutu, koma pang'ono ndi pang'ono anatsitsa manja. Ambrose anatsinzina. Anaimba nyimbo yotsika, yokoka, imene iye ndi Chester ankatsekera nayo dansi, ndipo sipika inabangula ngati chinthu chimene chapwetekedwa koma chikukana kugwa. Sanasiye mpaka Che Swaibu atakuwa kuti batire lingathe, lole igona m'dambo.

Martina ankangofikisa matope ouma pachala chake chakuphazi.

"Zokoma si zokoma, bambo a Dailesi, ndisakunamizeni," anatero. "Koma ndakumvani. Masiku aja munali kuno, mukangokhala chete pakhonde, ndinkati mwina kuli mkazi wina ku Zambia. Kani ndi kumeneku kumene munkapita."

Ambrose anamufotokozera za Chester, za lezala, ndi za mawu a Che Swaibu. Mumtima ankalakalaka kuti mkaziyo amulamule kumata, kuti adzakhale ndi womuloza chala, kapena amuletse, kuti adzakhale ndi pobisala. Martina sanamupatse chilichonse mwa ziwirizi.

"Chinthucho n'chanu, ine sindingachilamule," anatero. "Mpunga ndimalima ndekha, ndazolowera. Amayi akamandinena kuti ndinakwatiwa ndi mphepo, ndimangoseka. Chimene chikundikanika ndi kusowa munthu womuuza kuti lero ndatopa. Ndakusowani, basi. Ndilibe mawu ena."

Anaimirira, nakatenga madzi oti mwamuna wake amwe.

Ambrose anamata pepalalo ku Balaka m'mawa wina, chitseko chili chotsekula kuti aone bwino. Anagula solushoni yomatira machubu a njinga, nadula tizidutswa ta nsalu yopyapyala. Asanayambe anayendetsa chala pa macheko onse, limodzi ndi limodzi, ndipo anadabwa kuona mmene Chester anachekera mosamala, ena aatali, ena ang'onoang'ono ngati mphini. Anaganiza zoimbako kotsiriza, koma anadziwa kuti akatero samata. Anapaka solushoni, kuika nsalu, kusindikiza ndi chala mofatsa. Fungo la solushoni linamulowa m'maso, kapena tingoti linali fungolo. Pofika masana pepala linali lauma, looneka ngati buluku lazigamba la mwana wasukulu.

Che Swaibu sananame. Ukwati woyamba unali ku Phalula, wa mwana wa mlimi wina wachimanga wotchuka, ndipo lole inadzera kwa Mposa dzulo lake n'kumutenga Martina pamodzi ndi mwana. Kachipinda ka kunjanji kanali katasesedwa kale, mphasa yatsopano itayalidwa. Pabwalo la ukwati anamanga chisakasa cha udzu, sipika n'kuikhazika patebulo ngati mlendo wolemekezeka. Mkulu woyendetsa mwambo atayesa kulankhulamo, mawu ake anamveka mpaka kumsewu, oyera mbee, ndipo amayi analuluta.

Ambrose anayamba ndi rumba. Gitala inalira mokoma, mwaulemu, ngati mwana woleredwa bwino. Fumbi linakwera nthawi yomweyo. Anavina akuchimuna, anavina akuchikazi, anavina ngakhale ogulitsa tomato amene anasiya malonda awo pamsewu. Anthu ankabwera akuvina kudzafupa m'mbale imene inali pamapazi ake, ena n'kumusisita paphewa.

"Kodi munkabisala kuti, achimwene? Kani ndinu katswiri chonchi!"

Che Swaibu anadutsa kumbuyo kwake akumwetulira mpaka m'makutu.

"Loweruka likubwerali kwa Kawinga, linalo ku Ulongwe. Mwaona? Mudya gitala yokhayokha tsopano."

Zinali zoona. Zimene Ambrose analonjeza mkazi wake zinali zitachitika, pamaso pa anthu, dzuwa likuswa mtengo. Anayenera kusangalala, ndipo mbali ina anasangalaladi, poona Martina ali pakati pa amayi, chitenje chatsopano m'chiuno, akuvina ngati mtsikana.

Koma zala zili ndi mtima wakewake. Pakati pa nyimbo, osaganizira n'komwe, dzanja lake linatsikira ku nsambo zazikulu n'kumenya mwamphamvu monga ankachitira ku Kitwe. Anadikira kubangula kuja. M'sipika munatuluka kamawu kosalala, kozungulira bwino, kopanda ngakhale kakanda kamodzi. Anamenyanso, mwamphamvu kuposa poyamba, mpaka chala kuwawa. Kanatulukanso komweko. Anthu anaganiza kuti ndi kakometsedwe katsopano, ndipo anakuwa mokondwa kuti abwereze.

Pabwalo lonselo munthu mmodzi yekha ndi amene anasiya kuvina. Martina anaima chilili pakati pa fumbi, anzake akumugunda uku ndi uku, maso ali pa mwamuna wake. Iye yekha ndi amene ankadziwa chimene dzanjalo linkafunafuna, ndiponso kuti silidzachipezanso. Ambrose anabwerera ku rumba msangamsanga kuti ovina asasokonezeke.

Martina anadutsa pakati pa anthu mpaka pachisakasa. Sanaponye kanthu m'mbale. Anamasula nsonga ya chitenje chake n'kumupukuta mwamuna wake kumaso, mbali iyi ndi inayo, iye akuimbabe. Anthu anaona ngati akumupukuta thukuta.