Kathabwa ka Mabatani Atatu

"Batani loyamba, Bambo, loyamba," mwana wanga ananong'ona osatembenuka.

Ndinadina, n'kuuzira ndi mpweya wanga wonse. Tuba, chilipenga chachikulu chomwe umachita kuchifungatira poimba, inalira ngati ng'ombe yosowa mwana. Bandi yonse inaima. Mkulu wa bandi, amene tinkawatcha Andevu, anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Akalipentala, Lachinayi ndikumvani komaliza. Zikakanikanso, Loweruka mudzakhala ndi oonerera."

Loweruka limenelo mwana wanga wamkazi, woimba lipenga laling'ono, ankaimba komaliza asanapite kukayamba ntchito kutali. Ine ndinalowa bandi imvi zili mbuu chifukwa cha chinthu chimodzi: kukhala kumbuyo kwake pa nsanja, ngakhale kamodzi kokha.

Chondiwawa n'chakuti ulesi sindinachite. Tuba sinkaloledwa kutuluka mu holo, ndiye atandipatsa pepala la manambala a zala, ndinapala kathabwa, n'kukhomapo mabatani atatu a mtengo ndi masipuling'i a zopanira zovala. Milungu itatu ndinkangogogoda, pakudya ngakhale m'basi, mpaka mayi a mwanayo anati zalazi ndikazionetse kuchipatala.

M'mawa mwake mwanayo anandipeza mu shedi.

"Tandionetsani zimene mumachita."

Ndinagogoda nyimbo yonse monyadira. Iye anayang'ana manambala amene ndinalemba ndi pensulo pa kathabwako, kenako anakhala pansi pa utuchi, n'kuseka mpaka misozi.

"Bambo, kuwerengaku munayambira kuti?"

"Kumanja. Tepi yanga yoyezera ndimaikola kumanja chiyambire ntchito."

"Ndiye loyamba lanulo ndi lachitatu. Loyamba limagwidwa ndi chala cholozera."

Manyazi anandigwira, koma nanenso ndinaseka. Milungu itatu yathunthu, batani lapakati lokha ndi limene silinandinamize. Ndinafufuta manambala ndi sandipepa, koma zala za munthu wamkulu n'zamakani, zinkabwererabe kwakale. Choncho tsiku lililonse mwanayo ankaika dzanja lake pamwamba pa langa, n'kumadina zala zanga chimodzichimodzi uku akung'ung'udza nyimbo.

Lachinayi Andevu anamvetsera maso ali chitsinzinire. Nditamaliza anandiyang'ana pamimba.

"Jekete la bandi likufunika kukulitsa pang'ono. Pitani kwa telala lero lomwe."

Loweruka holo inadzaza. Mayi ake anakhala kutsogolo, atagwira chikwama ndi manja awiri ngati tikukwera phiri pa lole. Tinayamba. Mawu a tuba anatuluka onenepa, n'kunjenjemeretsa mpando wanga, ndipo bandi yonse inayenda pamwamba pake. Mtima wanga unasefukira, moti ndikanaseka pakamwa pakanakhala popanda ntchito.

Pakati pa nyimboyo pali malo amene malipenga aang'ono amapumula, tuba n'kutsala yokha. Ndinadutsapo bwinobwino, chala chilichonse pamalo pake. Kenako Andevu anakweza ndodo kuti malipenga alowe. Awiri analowa. Lachitatu, la mwana wanga amene sanaphonyepo chiyambire, linali zii.

Ndinasuzumira m'mbali mwa tuba. Lipenga lake linali pamiyendo, maso atatsinzina, ndipo zala zake zitatu zinali kudinabe bondo, kuimba gawo langa.