Diso la ku Joni

Eufemia anakulunga laputopu m'chitenje ngati mwana wodwala, n'kukwera minibasi ya ku Chonde. Kunali chiperoni, phiri silinkaoneka n'komwe, ndipo iye mtima unali m'mwamba.

Laputopuyo inachokera ku Joni. Anatumiza ndi mwamuna wake, Vitorino, kuti azilemberapo mayeso a ana a pasukulu ya ku Milonde pomwe ankaphunzitsa. Chitumizireni, foni ya mwamunayo inasiya kupezeka, ndipo abale ake ukawafunsa ankangoyang'ana kumbali.

Makinawo anali ndi kakhalidwe kake. Ukangowayatsa, pankatuluka kabokosi kotchula fayilo ya dzina lopinda lilime, vcm32.sys, kenaka kagetsi ka pambali pa kamera n'kuphethira. Janeti, mphunzitsi mnzake amene ankadziwa za m'nyumba ya aliyense kupatula yake, atangoona anawomba m'manja.

"Asisi, mwagwidwa! Amuna a ku Joni ndi momwe amachitira. Amaikamo kanthu koti azikuonani ali konko. Matanipo pulasitala!"

Tsiku limenelo Eufemia anapsa mtima, n'kumatadi. Koma m'mawa mwake anamatula yekha, popanda womutuma. Anaganiza kuti ngati mwamunayo akumuzonda, ndiye kuti sanamutaye, ndipo nsanje imeneyo inamukomera.

Kuyambira pamenepo sankayatsa makinawo asanapese tsitsi. Ankasesa, kuyala nsalu yoyera patebulo, n'kukhala moyang'anizana ndi kagetsiko akumwa tiyi. Ankakauza zonse: kuti denga layamba kudontha, kuti mapeyala abereka mpaka nthambi kuthyoka, kuti apongozi mwendo wawatupanso. Masiku ena ankakazazira. "Ngati mukundiona, bwanji osayankhula, bambo inu?" Akatha kutero ankapita kusukulu atapepukidwa.

Tsono makinawo anayamba kumangozima okha, mayeso ali pafupi. Sakanachitira mwina koma kupita nawo kwa McDonald, wokonza makompyuta wa pa Chonde, amene kashopu kake kanapanikizika pakati pa saluni ndi sitolo ya simenti.

McDonald anapeza msanga kuti vuto linali fumbi lotseka potulukira mpweya, n'kuliuzira. Makinawo atayaka, Eufemia analoza kabokosi kaja.

"Nanga aka, achimwene? Akuti n'kozondera anthu."

"Tione kaye, mayi. Zoterezi sitiweruza ndi dzina lokha. Vairasi imatha kuba dzina la chinthu chabwinobwino."

Anafufuza pomwe fayiloyo inkakhala, n'kugwedeza mutu kuti ili pamalo pake. Anatsegula mbiri yake n'kumuonetsa chidindo cha kampani yomwe inapanga makinawo. Anafunsa dzina lija pa intaneti ya m'foni mwake, kenaka anaipimitsa ndi pulogalamu yosaka mavairasi. Nthawi yonseyi Eufemia ankapotokola ngodya ya chitenje, ndipo iye mwini sankadziwa yankho lomwe ankapempherera.

"Mugone tulo, mayi," anatero McDonald akumwetulira, monga munthu wobweretsa uthenga wabwino. "Iyi timati dalaivala. Ndi kapulogalamu kothandiza kuti kompyuta izimvana ndi kamera yake. Inabwera ndi makinawa kuchokera kufakitale, yangokalamba basi, n'chifukwa chake imadandaula mukayatsa. Kagetsiko kamangoyesa ngati kamera ili moyo."

"Ndiye kuti palibe amene anaiikamo?"

"Palibe."

"Situmiza zithunzi kwina kulikonse?"

"Ingatumize bwanji? Kunyumba muli ndi intaneti?"

Eufemia anapukusa mutu.

"Basi. Ngakhale ikanafuna, ilibe njira. Palibe amene akukuonani, mayi, ngakhale mmodzi."

Kusaluni chowumitsira tsitsi chinkalira. Eufemia anayang'ana kamera ija, kadontho kakuda kosaposa njere ya mpiru, ndipo manyazi anamugwira, kenaka chisoni chachikulu. Miyezi yonseyi ankacheza ndi galasi.

"Taonaninso bwino," anatero motsitsa mawu.

McDonald anafuna kuseka, koma atayang'ana nkhope ya mayiyo analeka. Anakoka mpando n'kuyambiranso, mwapang'onopang'ono, kutsegula zomwe anatsegula kale, kuwerenga zomwe anawerenga kale. Atamaliza sanamwetulire.

"Ndi yabwinobwino, mayi. Pepani."

Eufemia anathokoza, n'kutuluka ndi katundu wake. Pasiteji, oitanira minibasi anamuthamangira, wina kugwira chikwama, wina dzanja.

"Awa ndi mayi anga awa, asiye!"

"Bodza, ndayamba kuwaona ndine! Ndawaonera patali, akutuluka mushopu!"

Masiku onse Eufemia ankadana ndi chipwirikiti chimenechi, ndipo ankachita kuwakalipira. Lero anaima chilili pakati pawo, mvula yowaza ikumunyowetsa, n'kuwasiya kuti amulimbirane pang'ono.