Chivundikiro cha Mgolo wa Delmer

"Ayi, chimenecho sindikuchifuna," anatero Lorene Hruska akukankhira bokosi kwa mtsikana wa m'sitolo ya zitsulo. "Mwamuna wanga dzanja lamanja linafa. Foniyo aziigwira ndi mano?"

Mtsikanayo, Yolanda, anaseka. "Mayi, chimenechi ndiye aliyense akugula. Singano imodzi basi. Mwabaya m'nyama, foni izikuuzani kutentha kwake ngakhale muli kutchalitchi."

"Ine kutchalitchi ndimakamva za Mulungu, osati za ng'ombe. Ndionetse china."

Linali Lachisanu. Mawa lake abale onse a kwa Hruska anali kudzasonkhana kwa Lorene, monga ankachitira chaka ndi chaka akamaliza kumweta udzu wa ng'ombe. Chiyambire, nyama ya tsiku limenelo ankawamba ndi mwamuna wake Delmer, mumgolo wake wachitsulo kuseri kwa nyumba. Koma nyengo yozizira sitiroko inamugwetsa. Mwendo ankachita kuukoka, mawu ankatuluka limodzilimodzi ngati akuwagula. Chibwerere kuchipatala sanapondeko pabwalo. Ankangokhala pampando kuchipinda, msana atalozetsa kuzenera.

Ndipo mng'ono wake wa Delmer, Gaylon, anali atanena kale poyera. "Mgolowo ukungochita dzimbiri, alamu. Chaka chino nyama ikakanika, ndiukokera kwanga, anthu azisonkhana kwanga."

Lorene ankadziwa chinthu chimodzi: tsiku limene mgolowo udzatuluke pageti, Delmer sadzadzukanso pampando paja. Ndiye anaganiza kuti iye akhale manja, Delmer akhale mutu. Chinkangofunika ndi choyezera kutentha chopanda waya, choti chizitenga nkhani ya kumgolo n'kukaifikitsa kuchipinda.

Yolanda anatsitsa china pashelefu. Chinali ndi masingano awiri, ina yobaya m'nyama, ina yomvera moto mkati mwa mgolo. Panali kabokosi kotsala pamgolo, komanso kena koyenda nako, ka manambala akuluakulu oti ngakhale wa maso a ukalamba n'kuwerenga.

"Chimafika patali bwanji?"

"Pabokosipa alemba kuti..."

"Olemba pabokosi amayesera pabwalo la mpira. Nyumba yanga ndi yamiyala, denga lamalata, ndipo pakati pali shedi. Khofi uyo ndi wako? Viika singanoyo mmenemo."

Yolanda anaviika, kukamwa kuli yasa. Lorene anatenga kabokosi kaja n'kutuluka. Anadutsa pamatumba a simenti, anazungulira kuseri kwa sitolo, analowa m'galimoto mwake n'kutseka chitseko. Nambala inali pomwepo, ikutsika pang'onopang'ono. Anakhala kaye akuiyang'ana. Sinazime.

Atabwerera anati, "Khofi wako wazizira, mwanawe. Ndikulungire chomwechi."

Kutangocha Loweruka anakoleza moto ndi nkhuni zouma za mtengo wa oki. Chidali cha ng'ombe anachipaka mchere ndi tsabola wakuda basi, monga ankaonera patali Delmer akuchita. Anachiika mumgolo, anabaya singano pamnofu pochindikala, n'kutseka chivundikiro. Kabokosi kaja anakakaika pamwendo pa Delmer.

Delmer anakayang'ana ngati wina wamutukwana.

"Nambala yapamwambayi ndi moto, yapansiyi ndi nyama," anatero Lorene. "Ine sindidziwa kanthu. Ukapanda kundiuza, tidyetsa abale ako chikopa cha nsapato."

Lorene anapita kukhitchini, makutu ali tcheru. Ananyika nyemba, anasenda mbatata, kuchipinda kuli zii. Anayamba kuganiza kuti wataya nthawi yake. Kenaka anamva mawu okhakhala.

"Nkhuni."

Anataya mpeni n'kuthamanga. Ataponya chikuni chimodzi n'kubwerera, anapeza Delmer wakokera kabokosi pafupi ndi maso.

"Tseka... mphepo. Pang'ono."

M'mawa wonse unayenda choncho. Delmer alamule, Lorene athamange. Delmer anadya dzira lonse osakakamizidwa. Nambala ya nyama inkakwera bwinobwino, ndipo Lorene anafunsa kuti ikafike pati. Delmer anati, "Ipitirire... 200." Atamwa mankhwala ake a masana, tulo tinamutenga.

Nambala ija inafika pa 160 n'kuima.

Lorene anakayanika zovala, n'kubwera kudzasuzumira. 160. Anasakaniza mbatata, anadula anyezi ndi nkhaka zowawasa, anasanja buledi. 160. Dzuwa linapendeka. Atayang'ananso anapeza 159.

Nyama ili pamoto ingabwerere m'mbuyo? Zaka zonsezi iye ankakhala kukhitchini ndi mabanzi ake a zipatso, kumgolo kunali kwa amuna, ndipo palibe anamuuzapo zimene nyama imachita ikakhala yokha mumdima muja. Anayang'ana Delmer ali mtulo, kamwa litapendekera mbali imodzi. Kumudzutsa n'kumuuza kuti zakanika? Ayi. Anayenda monyang'ama n'kutuluka.

Anatsegula chivundikiro. Utsi ndi kutentha konse zinamuwomba kumaso n'kupita kumwamba. Nyama inali yakuda bwino, ikunyezimira madzi. Anazula singano n'kubaya pena. 158. Anatseka, anazungulira mgolo, anatsegulanso n'kubaya pena. Anasintha mabatire. Kenaka anaimbira foni kusitolo.

"Yolanda, wandigulitsa chakufa."

"Mayi Hruska, si dzulo lomweli chinkayeza khofi wanga? Viikani singanoyo m'madzi a ayezi. Imayeza m'madigiri a Fahrenheit, ndiye ikanena 32, ili moyo."

Anatsegulanso, anazula, anaviika. Kabokosi ka pamgolo kanati 32. Chinali chamoyo, ndipo chinkanena zoona. Ndiye kuti vuto ndi moto, anaganiza choncho. Anthu afika posachedwa, Gaylon afika posachedwa. Anabwezera singano m'nyama, anatola nkhuni zodzaza manja, zouma ndi zaziwisi zomwe, n'kuzikankhira zonse m'ng'anjo. Utsi woyera, wochindikala, wotsamwitsa unayamba kutuluka tolotolo.

Nthawi yomweyo galimoto ya Gaylon inalowa pageti, ikukoka ngolo yopanda kanthu.

Gaylon anatsika akudzikupiza ndi chipewa. "Alamu! Mukuwamba nyama kapena mukufula njuchi?"

"Ngoloyo wabweretseranji?"

"Imangonditsatira, yazolowera." Analoza kumbuyo kwa galimoto, kumene kunali mathireyi okutidwa. "Ndadzera m'tauni, ndagulako yophikaphika. Osati kuti ndikukukayikirani, ayi. Koma ana asagone ndi njala chifukwa cha manyazi a akuluakulu. Tatiyeni tione maliro ali mkatimu."

Anatambasula dzanja kuti agwire chivundikiro. Lorene anafuna kumuletsa koma nayenso ankaopa zomwezo.

Chitseko cha kuseri chinamenyeka kukhoma, phaa! Kunamveka kulira kwa kabokosi kaja, tii tii tii, kakudandaula kuti moto wakwera mopitirira. Kanali m'thumba la malaya a Delmer. Delmer mwiniwakeyo anali pakhomo, ndodo kudzanja lamanzere, nkhope ili psuu. Anatsika sitepe yoyamba, yachiwiri. Lorene anathamanga kuti amugwire, koma anamukankha ndi chigongono. Anadutsa pabwalo ponse akukoka mwendo, kufumbi kukutsala mzere, mpaka anafika pamgolo n'kumenya ndodo pachivundikiro pafupi ndi zala za Gaylon.

"Siya!"

Gaylon anabweza dzanja msangamsanga. "Achimwene, mwatuluka?"

Delmer sanamuyang'ane n'komwe. "Lorene. Chotsa... nkhuni."

Lorene anatenga fosholo n'kuyamba kukokera panja zikuni zoyaka zija, misozi ya utsi ili chuchuchu. "Yaima, Delmer. Yaima kalekale, ikubwerera m'mbuyo. Ndaiwononga."

"Imaima." Anapuma, akusakasaka mawu. "Zonse... zimaima. Ikutuluka thukuta... ikudziziziritsa yokha. Likauma... ikwera." Kenaka anamuyang'ana m'maso. "Watsegula?"

"Kangapo."

Delmer anatsinzina ngati wapondedwa pachilonda. "Ukatsegula... sikupsa."

Lorene anamubweretsera mpando. Delmer anakhala pambali pa mgolo, ndodo ataigoneka pachogwirira cha chivundikiro, kabokosi kali pabondo. Utsi unayamba kuchepa mpaka unasanduka kaulusi kobiriwira kosaoneka bwino. Koma nthawi imene Lorene anataya potsegulatsegula inali itapita, yosabwezeka.

Abale anayamba kufika, magalimoto kudzaza mpaka kumsewu. Aliyense ankadabwa kupeza Delmer panja, n'kudzamugwira paphewa, kenaka n'kufunsa funso lomwelo: "Nanga nyama?" Lorene ankangoti, "Ikubwera," maso ali pabondo la Delmer. 160. Nyemba anazitenthetsanso. Ana anayamba kulira. 161.

Gaylon anavundukula mathireyi ake patebulo. "Amene ali ndi njala, nyama ili kuno! Amene ali ndi chikhulupiriro, mzere wake ndi uwo."

Anthu anaseka. Ana anathamangirako, amayi awo n'kutsatira ndi mbale. Kenaka amuna awiri atatu ananyamuka mwamanyazi. Lorene ankawaona akupita. Onse akakhuta ya Gaylon, ya Delmer idzapsera yani? Anawerama n'kunong'oneza, "Tingoidula mmene ililimu. Mkatimo yapsa ndithu."

"Ayi."

"Delmer, anthu akutha."

"Apite." Anagogoda kabokosi ndi chala. Inali pa 168. Lorene akuyang'ana, inadumphira pa 169.

Patapita kanthawi Delmer anachotsa yekha ndodo ija. "Pepala." Lorene anatsegula, ulendo uno atauzidwa, anakulunga nyama m'pepala la kubutchala zala zikupsa, anabwezera singano n'kutseka. Kuchokera pamenepo nambala inayenda ngati yakumbukira kwawo. Anthu amene anali ndi mbale m'manja anayamba kuyandikira mmodzimmodzi, kusuzumira pabondo la Delmer, kumaiwerenga mokweza. Wina analetsa mwana wake kuwonjezera ya Gaylon. "Siyako malo, iwe."

Dzuwa likulowa, inapitirira 200. Delmer anauza Lorene kuti abaye singano pena. Inalowa yokha ngati m'batala.

"Mpeni!" anafuula wina.

"Ipume," anatero Delmer, ndipo anawadikiritsanso, udzudzu ukuwadya, popanda ndi mmodzi yemwe wodandaula mokweza.

Pomaliza Lorene anadula, Delmer akuloza ndi ndodo koyambira. Chidutswa choyamba chinapindika pampeni, mafuta akuyenderera. Anachipereka kwa Gaylon.

Gaylon anatafuna nthawi yaitali. "Mbali yakunjayi ikuwawa utsi."

"Ikuwawadi," anavomera Lorene. "Ndine."

"Chaka chamawa," anatero Delmer, liwu lililonse akuliika pansi ngati njerwa, "ndikhala... pano... chiyambire m'mawa. Uyu... azipanga mabanzi."

Gaylon anatambasula mbale yake. "Tandiikireniko china, alamu, ndilawe mkatimo. Kunja kokha sindingaweruze."

Pochoka, ngolo yake inatuluka pageti ikugubuduka yopanda kanthu monga inabwerera. Mathireyi otsala anawanyamula pampando wakutsogolo.

Tsono inu amene mukufuna kukagula choyezera chanu, musankhe chimene mwini moto angathe kuwerenga, ndipo muchiyese musanachoke pasitolo monga anachitira Lorene. Pamenepo anakhoza. Koma mukachigula, chikhulupirireni. Nambala ikaima, manja m'thumba, chivundikiro chisiyeni, ndipo ngati m'nyumbamo muli munthu wodziwa, mudzutseni mumufunse. Musamamusiye mtulo poganiza kuti mukumumvera chisoni. Lorene anadyetsa anthu nyama yowawa utsi, kunja kutada. Inu mukachite bwino kuposa pamenepo.