Chitenje cha Hellen

Reinford atafika kwawo ku Area 43 Loweruka masana, kulira kwa Chiso kunamulonjera asanazimitse n'komwe galimoto. Mwanayo, wa zaka zitatu, anayenera kukhala ali m'tulo nthawi imeneyo. Chimwalirireni mayi ake, Hellen, Chiso ankagona mwa njira imodzi basi: makatani otseka, kanyimbo kapansipansi, ndi chitenje chakale cha mayi akewo atachikwinyira pamphuno. Njirayi Reinford anaipeza atakhetsa thukuta, ndipo chitenjecho sankalola kuti chione sopo.

Pabalaza anapeza alamu ake, a Evelesi, akulu ake a Hellen, akumanga mitolo. Anabwera kudzatenga zovala za malemu kuti abale akagawane kumudzi, monga mwa mwambo, ndipo zimenezo Reinford anali atavomera kale. Koma atasuzumira pawindo anaona chitenje chija chili pachingwe, madzi ali dontho dontho.

"Alamu, mwachapa chitenje cha mwana?"

"Ndachapa, ndipo chikupita nawo kumudzi," anatero a Evelesi osadzutsa mutu. "Mwana sagona ndi nsalu ya womwalira. Mukufuna azingowalota mayi ake mpaka amutenge?"

Reinford anapsa mtima kwambiri. Anthu ena chifundo chawo chimafika ngati mvula ya matalala, chimasiya munda uli mbee.

"Pamene mwanayu ankalira mpaka mawu kutha, inu munali kuti? Maliro atatha munakwera minibasi ulendo. Lero mwatulukira ndi sopo! Kufunsa kokha kunakukanikani?"

"Musandikalipire ngati wantchito wanu, bambo a Chiso. Hellen ndinamubereka kumsana ine, inu musanamudziwe. Mukuyesa kuchapa nsalu ya mng'ono wanga kunandikomera?"

Reinford anakathothola chitenjecho pachingwe, chonyowa chomwecho, n'kukachipereka kwa mwana. Chiso anachinunkhiza kamodzi kokha n'kuchiponya pansi.

"Si cha amama ichi!"

Bamboyo anatseka makatani, anamunyamula paphewa, anamuimbira kanyimbo kaja mawu ali ouma ndi ukali. Mwana anangouma thupi, kukuwa ngati wapondedwa.

Ndipo Reinford anamutsitsa n'kupita kugalimoto. Pansi pa mpando panali jumbo yomanga kawiri, m'kati mwake muli duku limene Hellen anavala popita kuchipatala ulendo womaliza. Palibe ankadziwa za dukulo. M'mawa uliwonse, akaimika galimoto ku City Centre, ankamasula jumboyo pang'ono, kununkhiza, n'kumanganso msanga kuti fungo lisathawe, kenako n'kukalowa mu ofesi ngati munthu wabwinobwino. Ankadziwa kuti dukulo likangolowa m'manja mwa mwana, dovu ndi phala zilimaliza posachedwa. Zinamuwawa kwambiri, ndipo anaima pamenepo kanthawi akutukwana chamumtima. Kenako anatenga jumboyo n'kupita nayo kuchipinda kwa mwana.

Chiso atalandira dukulo anangoti zii. Analikanikiza pamphuno, befu n'kumachepa, chala chikusisita m'mphepete mwa nsalu, mpaka zikope zinalemera.

A Evelesi anaima pakhomo la chipinda. Dukulo analizindikira, poti amene anagulira Hellen ndi iwo omwe, ndipo anatsegula pakamwa kuti alankhule.

"Ili lokha, alamu," ananong'ona Reinford mano ali gwa, "mulikhudze muone."

Mayiwo anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje chawo n'kubweza chitseko mwakachetechete. Reinford anakhala pansi pambali pa bedi, anapinda jumbo yopanda kanthu ija bwinobwino, n'kuiika m'thumba la malaya.