Tabuleti ya Gulu Inaulula Amalume

Kanayi pa sabata imodzi, tsamba lomwelo linafufutidwa. Asiya amati akalibwezeretsa m'mawa asanalowe m'kalasi, pofika nthawi ya buleki n'kupeza kuti wina wadutsamonso ndi chikwanje.

Asiya anali mphunzitsi wa pulaimale ku Lifuwu, komanso woyang'anira kagulu ka anthu asanu ndi atatu kolemba nkhani za Chichewa m'buku la pa intaneti limene aliyense amaloledwa kulembamo ndi kukonza zolemba za mnzake. Ankalemba za mpunga wa kusikimu ya mthirira, za usipa, za likodzo. Ambiri analibe mafoni a intaneti, choncho ankadalira tabuleti imodzi ya gulu. Aliyense ankakhala nayo sabata yathunthu, motsatira ndandanda yomata pakhoma la kalasi imene ankakumaniramo Loweruka.

Tsamba lovutitsidwalo linali la chiwembu chopulula Atutsi ku Rwanda mu 1994, pamene anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku zana limodzi. Asiya analilemba chifukwa cha mnzake, Mayi Nyiraneza, wogulitsa mpunga ku Khombedza, amene anathawa ku Rwanda ali mtsikana, abale ake onse ataphedwa. Mayiyu chaka chilichonse ankatseka golosale yake sabata imodzi mu Epulo, ndipo anthu ankangoti wadwala malungo.

Ofufutawo anali atatu: Mtetezi Wachoonadi, Mwana Wanyanja ndi Dokotala Wambiri. Mayina akuluakulu, zolemba zonyansa. Ankachotsa mawu onse n'kuikapo akuti, "Inali nkhondo wamba, anthu ankangomenyana. Chiwerengerochi anapeka ndi azungu." Wina akalemba, anzake awiriwo ankamuombera m'manja. Anayamba mu Epulo, kenako zii, n'kudzabweranso mu Juni.

Loweruka lina Asiya anatsalira ndi a Innocent, mphunzitsi wa mbiri wopuma ntchito amene ankalangiza gululo. A Innocent anatsegula mbiri ya tsambalo, pamene pamaoneka tsiku ndi nthawi ya chilichonse chimene munthu wasintha. Anayang'ana pafoni, n'kuyang'ana ndandanda ya pakhoma.

"Mwana wanga, anthu atatuwa amadzuka sabata imodzi, n'kugonanso sabata imodzi. Taona, masabata onse awiriwa tabuleti inali kwa ndani?"

Asiya anawerenga dzinalo. Anali a Binali, amalume ake enieni. Atatsegula tabuleti, mayina atatu aja anali ndandanda polowera. Katswiriyo sankadziwa n'komwe kuti munthu akamaliza amatulukamo.

A Binali anali kalaliki wopuma ntchito, munthu woyenda ndi zolembera zitatu m'thumba la malaya ngakhale popita kukagula bonya. Analowa m'gululo kuti azitchedwa mlembi, ndipo chilowereni anali asanamalize nkhani ngakhale imodzi. Nzeru zawo zonse za Rwanda zinachokera m'timauthenga ta mawu timene ankamvera pansi pa mtengo wa mango, tonenedwa ndi anthu opanda nkhope. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Koma kumudzi anali wapampando wa komiti ya maliro, wodziwika ndi kuyalutsa pagulu aliyense wojomba kumanda. Choposa zonse, ndiwo anali nkhoswe ya Asiya pa ndowa yake, ukwati wa Chisilamu, ya mu Ogasiti.

Asiya anakauza mnzake Temwani, membala wina wa gululo, pobwerera kunyumba.

"Iwe, usadziputire zako," anatero Temwani. "Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukawatseka amalume ako, adzakuimirira ndani pa ndowa? Ingolembani mbali zonse ziwiri: ena amati zinachitika, ena amati ayi. Ndiponso ndi nkhani ya eni ake imeneyi, ife Amalawi ikutikhudza pati?"

Malangizowo anali okoma kumva, ndipo Asiya anatsala pang'ono kuwameza. Mawa lake anawafotokozera a Innocent, amene anapukusa mutu.

"Kodi wina akalemba kuti likodzo limabwera ndi mfiti, tidzaikanso mbali ziwiri? Za ku Rwanda zinaweruzidwa m'makhoti a dziko lonse, mboni zinalankhula, mabuku alipo, manda alipo. Pamenepa palibe mbali ziwiri. Pali zimene zinachitika, ndi munthu wofuna kuzikwirira. Malamulo athu ndi omveka: timachenjeza, timateteza tsamba, ndipo wonamizira kukhala anthu atatu timamutseka kuti asalembenso. Lamulo likamaona nkhope, ndiye kuti tilibe lamulo. Komabe aitane, adziyankhire okha pamaso pa gulu."

Loweruka lotsatira a Binali anabwera atavala jekete, kunja kukutentha. Atawaonetsa masiku aja ndi mayina aja, sanachite manyazi. Anakhosomola, n'kuimirira ngati ali pamsonkhano wa chipani.

"Inde ndine. Ndiye mwati bwanji? Munthu alibe ufulu wolankhula? Inu munaliko ku Rwandako? Munawerenga mitembo? Ine ndimafuna umboni, osati misozi ya anthu ofuna chithandizo. Ndipo iwe Asiya, ndinakunyamula uli khanda. Ukangodina kabatani kako ako, ukafune nkhoswe ina."

Ndi pamene anthu anaona kuti pakhomo paima Mayi Nyiraneza, amene anabwera kudzagula mpunga kusikimu n'kupatukira kwa Asiya. Palibe ankadziwa kuti aima nthawi yaitali bwanji. Analowa pang'onopang'ono, n'kupereka moni mwaulemu, Chichewa chawo chomveka bwino ngakhale lilime linali la kwawo.

"A Binali, mukundikumbuka? Chaka chatha akazi anu atamwalira, ndinatseka golosale masiku atatu. Ndinabweretsa thumba la mpunga, ndinaphika ndi amayi anzanga, pa arubaini, sadaka ya patatha masiku makumi anayi, ndinabweranso. Ine si Msilamu, mtembo sindinauone. Munangonena kuti mwaferedwa, ine ndinakhulupirira. Sindinakufunseni umboni."

Anakonza chitenje.

"Ine anga ndi asanu ndi awiri. Bambo, mayi, azichimwene atatu, mng'ono wanga ndi khanda la mlamu wanga. Palibe anawaphikira mpunga. Inu amene mumakalipira anthu ojomba maliro, mwakhala pansi n'kulemba ndi mayina atatu kuti kwathu kunalibe maliro."

A Binali anagwiragwira zolembera zawo, n'kung'ung'udza kuti nkhaniyi anthu akuitengera pamtima. Ngakhale Temwani anayang'ana kumbali ndi manyazi.

Asiya anali ndi mantha. Ankaona kale nkhope ya mayi ake, ankamva kale zonena za akuchimuna. Komabe anatenga foni yake.

"Amalume, ulemu wanu sindinauchotse. Kunyumba ndidzakugwadirani ngati kale. Koma muno mwanama kuti ndinu anthu atatu, ndipo mwanyoza akufa. Gulu likavomereza, ndikutsekani."

Manja asanu ndi awiri anakwera, la Temwani pomalizira. Asiya anatseka mayina onse atatu ndi lachinayi la eni ake, n'kulemba chifukwa chake poyera kuti aliyense aziwerenga. Kenako anateteza tsambalo kuti lisamasinthidwe ndi munthu wongobwera kumene. A Binali anatuluka osatsanzika, n'kuiwala chipewa pabenchi.

Mawu awo anawasunga, pakuti pa zoipa anali munthu wokhulupirika. Anakana unkhoswe, ndipo mayi a Asiya anatha milungu iwiri osamulankhula mwana wawo. Ndowa inachedwa ndi mwezi wathunthu mpaka amalume aang'ono a ku Chitala atavomera kuimirira. Zinamupweteka Asiya, ndipo sanabise.

Pa tsiku la ndowa a Binali sanaoneke. Kuseri kwa nyumba, pakati pa amayi ophika, panali Mayi Nyiraneza, maso ofiira ndi utsi. Asiya atapita kukawathokoza, iwo anatulutsa foni m'chitenje n'kumuonetsa tsamba lija.

"Mwana wanga anabadwira konkuno, chilankhulo cha kwathu sachidziwa bwino. Zaka zonsezi ndinkalephera kumuuza. Dzulo anawerenga yekha m'Chichewa, ndipo anandifunsa mayina a agogo ake."

Phunziro: Kukana kuti mtundu wa anthu unapululidwa si maganizo oti tiziwapatsa mpando pofuna kusangalatsa aliyense, ndi kupha akufa kachiwiri pamaso pa otsala. Polemba zinthu pamodzi pa intaneti, tsatirani umboni wodalirika, mpatseni wolakwa mpata woyankha, ndipo akapitiriza kusokoneza mutsekeni, ngakhale atakhala amalume anu.