Mutu Wakuda Pakhomo la Chipanda

Anamzeze a Orval Stivers ankafika pakati pa Malichi. Chaka chimenechi Epulo anali atatha kale masiku asanu ndi anayi, koma pa milongoti yake iwiri kuseri kwa nyumba panalibe ndi nthenga yomwe. Zipanda makumi atatu zoti mbalamezo ziswereremo zinangolendewera, zoyera mbee ndi penti watsopano, chilichonse chotsekedwa pakhomo ndi chitsononkho chokulunga m'kasanza.

Kutsekako linali lamulo la malemu bambo ake, amene anayamba kupachika zipanda pamalowa Orval asanalowe sukulu. Chipanda sutsegula usanaone ndi maso ako namzeze woyamba atatera pamlongoti. Ukafulumira zimalowamo mpheta ndi asitalingi, mbalame zakuda za milomo yachikasu zija zimene zimaswa mazira a namzeze, mwina n'kujompha ndi make yemwe mpaka kufa. Anamzeze akuluakulu a kuno ku Kentucky analeka kalekale kuswera m'mphako za mitengo. Amadalira munthu, ndipo amabwerera pakhomo pomwe anaswera chaka chatha. Akangophonya chaka chimodzi, mudzi wawo watha. Orval anali ndi zaka 73, ndipo ankadziwa kuti zaka zoyambiranso mudzi wina analibe.

Chimene chinachedwetsa mbalamezo iye ankachidziwa, ndipo chinkakhala tsidya la mpanda wa waya. Anali mlamu wake Hershel Rudd, mwamuna wa mlongo wake Noreen. Awiriwa anasemphana tsiku lomwelo la ukwati, pamene Hershel anaimika galimoto yake pansi pa zipanda n'kuyamba kudandaula za zitosi pamaso pa apongozi ake. Zaka ziwiri zapitazo munthu yemweyo anapuma ntchito kufakitale ya mapaipi, manja n'kuyamba kumuyabwa. Anagula mlongoti wa m'sitolo wokhala ndi chopukusira, zipanda khumi ndi ziwiri za pulasitiki, ndi kasipika koimba nyimbo ya anamzeze kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa. Zipandazo ankazisiya zotsegula chiyambire Malichi. Namzeze anali asanaswerepo m'menemo ndi mmodzi yemwe.

"Alamu, zimitsani chiwailesi chanucho," anatero Orval Loweruka m'mawa, atagwira waya wa mpanda.

Hershel anali pakhonde lake lakuseri ndi kapu ya khofi. "Tadzuka bwino, kaya inu."

"Mukuitana mbalame za eni."

"Zili ndi dzina lanu pamsana? Mbalame ichoke ku Brazil konse, idzapeze mwaitsekera ndi chitsononkho. Ndikanakhala ine ndikanangotembenuka."

"Mukanakhala inu mukanasochera musanafike ndi ku Alabama komwe. Taonani chipanda cham'munsicho, udzu ukuchita kutulukira pakhomo. Mukuweta mpheta, alamu. Dzulo ndaonapo asitalingi awiri."

"Zachedwa paliponse. Anzathu a ku Tennessee akulira chimodzimodzi pa intaneti. Ndi mphepo yakumpotoyi, kulibe touluka toti zidye m'njira."

"Anzanu. Zaka ziwiri zokha muli kale ndi anzanu."

Hershel anaika kapu pansi. "Ndikuuzeninso ichi. Zipanda zanga ziwiri zili ndi timabowo toti sindinagule nato. Mukadzalozetsanso kamfuti kanuko kuno, tidzakambirana pena."

Noreen anasuzumira pachitseko, m'manja muli ufa wokhawokha. "Achimwene, masikono ndangophula kumene. Mulowa?"

"Ndadya," anatero Orval, ngakhale kuti m'kamwa mwake munali musanapite kanthu.

Lamlungu kunayamba mvula yowaza, yozizira yochita kulowa m'mafupa. Lolemba masana Orval anapita kutauni kukaonetsa diso lake lamanzere limene linayamba ng'ala. Anakhalitsa pamzere, anamudontheza mankhwala, ndipo anafika kunyumba kutada kale.

Lachiwiri m'mawa mvula inali ikadawaza. Anakhala pachitseko cha shedi ndi mfuti yake ya mphepo pamiyendo, monga ankachitira m'mawa uliwonse chiyambire Malichi. Kasipika ka Hershel kanali kukulira. Atalimva liwu la namzeze milungu isanu ndi umodzi likuchokera m'kabokosi, khutu lake linali litasiya kulisamala.

Pakhomo la chipanda chachitatu cha Hershel panatulukira mutu wakuda. Unayang'ana uku ndi uku, n'kubwerera, n'kutulukanso. Orval anapukuta magalasi ndi chala. Sitalingi akakhazikika pa mlongoti wa mlamu wakeyo, mawa lake adzakhala pa ya Orval. Anatsinzina diso lodwalalo, anatsamiritsa mfuti pamphuthu ya chitseko, n'kuwomba. Mutuwo unagwa pomwepo, theka la thupi kunja, phiko limodzi likulendewera.

Anapita kumpanda kuti aione bwino ntchito yake. Mlomo wa mbalameyo unali waufupi, wakuda. Nthenga zake, ngakhale zonyowa, zinkanyezimira buluu. Sanali sitalingi, anali namzeze. Orval anaima pomwepo madzi akumulowa m'khosi.

Kenaka anaona kuti chipandacho chikugwedezeka, pamene zinzake zonse zili phee. Anadziwa tanthauzo lake. Kukazizira chonchi anamzeze amaunjikana m'chipanda chimodzi, khumi, mwina makumi awiri, kuti afunditsane. Wa pakhomo akafera pakhomopo, a m'katimo satuluka. Ndipo amene amafika poyamba ndi aamuna akale, obwerera kwawo. Kwa Hershel kunalibe mbalame yoti n'kubwerera. Amenewa anali a Orval. Anafika dzulo madzulo iye ali kwa dokotala, anapeza makomo onse makumi atatu ali otseka, n'kulowa pamene anaona bowo.

Panalibe amene anaona. Mfuti ya mphepo siimveka patali, ndipo makatani a kwa Hershel anali otseka. Akanangobwerera m'nyumba, pakutha masiku atatu mlamu wake akanadzapeza chipanda chodzaza mitembo, nkhani yonse ikanakhala ya chisanu ndi pulasitiki wa m'sitolo. Orval anaziganizira zimenezi nthawi yokwana kupuma kasanu, ndipo zinamukomera. Chipanda chinagwedezekanso.

Anaimika mfuti pampanda, anatsegula kageti kamene anali asanadutsepo zaka zinayi, n'kulunjika pamlongoti. Pa chopukusira panali loko.

Anagogoda chitseko chakuseri ndi chibakera. Anatsegula ndi Hershel, atavala malaya ogonera ndi nsapato za m'nyumba.

"Nyumba yanu yapsa?"

"Kiyi wa chopukusira. Tsitsani zipanda."

"Mwati bwanji?"

"Muli anamzeze m'chipanda chachitatu. Wa pakhomo wafa, watsekera anzake. Tsitsani, alamu."

Nkhope ya Hershel inayamba kuwala asanamve ndi mawu otsirizawo. "Anamzeze? Mwanga? Noreen, tabwera udzamve achimwene ako akundipatsa uthenga."

"Muzisekabe, akufa."

Hershel anapita kukafuna kiyi. Anafunanso jekete, kenaka nsapato zina. Noreen anatuluka ndi ambulera n'kuima pakati pa amuna awiriwo, monga ankachitira pamaliro ndi pa Khirisimasi. Chingwe chinalira, zipanda zinatsika pang'onopang'ono. Orval anatambasula dzanja koma Hershel analikankha.

"Zanga izi."

Hershel anasolola mbalame yakufayo n'kutsegula chivindikiro cha m'mbali. M'katimo munali mulu wakuda, wonyowa, wopuma. Orval anawerenga mitu. Khumi ndi inayi. Mmodzi anatsegula maso n'kuwatsekanso. Ena nthenga zinali zitaimirira, mapiko atagwa, zizindikiro za mbalame imene yatha masiku osadya.

Hershel sankayang'ana m'chipanda. Ankatembenuza yakufayo m'manja. Anaika chala pamwamba pa diso lake, chalacho n'kubwera ndi magazi.

"Chisanu cha masiku ano chikumaboola mutu?"

Hershel anatembenukira kwa mkazi wake.

"Noreen, taona. Katswiri wa anamzeze m'boma lonse lino. Zaka makumi asanu ndi limodzi. Namzeze woyamba kutera pakhomo panga, wamuwombera."

"Ndimayesa sitalingi."

"Mumayesa sitalingi. Ine wa zaka ziwiri, wa pa intaneti, ndikuona kuti si sitalingi."

"Mukanazimitsa chiwailesi chanucho ndikanawamva kuti afika."

"Mukanatsegula chipanda chimodzi chokha kwanuko akanagona kwawo."

"Achimwene," anatero Noreen motsitsa mawu, osamuyang'ana, "bambo ankatsegula ziwiri kukachita mvula chonchi. Munali kuusilikali chaka chimene anayamba kutero."

Orval anamva mawuwo ngati wapondedwa pachilonda, koma nthawi yowatsutsa panalibe. "Ndipatseni katoni ndiwatengere kwathu. Ndi mbalame zanga."

"Simukhudza ndi imodzi yomwe," anatero Hershel. Anatseka chivindikiro n'kuyamba kupukusa, zipanda zikukwera. "Kupha namzeze ndi mlandu, mukudziwa kuposa ine. Uyu ndikumuika mufiriji. Mfutiyo ndiipeze pakhonde langa isanakwane 12 koloko, apo ayi ndiimbira a zanyama zakutchire abwere adzamuone. Tsopano tulukani pabwalo panga."

"Akapanda kudya lero, mawa mudzatsitsa mitembo. Amadziwa supuni yanga yowaponyera chakudya m'mwamba. Inu sakudziwani."

"Ponyani muli kwanu. Mpanda si wautali."

Orval anadutsa pageti osatseka. Milongoti yake inalibe chopukusira, inali ya zingwe zokoka ndi manja. Anatsitsa woyamba, anazula zitsononkho zonse n'kuzitaya m'matope, anakweza, anatsitsa wachiwiri. Zikhatho zinatentha. M'khitchini anaswa mazira asanu ndi limodzi, anawakazinga opanda mchere ndi mafuta, anawaduladula tizidutswa tonga nsawawa, n'kutulutsa mufiriji thumba la nkhululu zimene ankasungira masiku otere. Anazithira madzi ofunda kuti zisungunuke. Anatenga supuni yapulasitiki n'kubwerera kumpanda.

Pakhomo la chipanda chachitatu panali mutu wina. Orval anaika nkhululu pasupuni, anaipinda ndi chala, n'kuifyatula. Inakwera m'mwamba, inadutsa pamaso pa mbalameyo, n'kugwera pa udzu wa Hershel. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachisanu, yachikhumi. Analiza kakhweru kake ka nthawi zonse. Pa nkhululu ya makumi awiri ndi zingapo mbalameyo inadzigwetsa pakhomo, inakupiza mapiko molemera, n'kuiwakha isanafike pansi. Inzake inatulukira pambuyo pake.

Posakhalitsa zinali zisanu ndi ziwiri m'mwamba, zikuzungulira motsika, kenaka khumi. Nkhululu zitatha anayamba mazira. Anayamba kuponya mofupikitsa, nthawi iliyonse kubwerera m'mbuyo phazi limodzi, mpaka chakudya chinkagwera mbali yake ya mpanda.

"Ndikukuonani, alamu," anatero Hershel ali pakhonde.

Orval anabwereranso phazi lina.

Hershel analowa m'nyumba, ndipo patapita kanthawi anatuluka ndi mbale ya mazira ndi supuni yachitsulo. Supuni yachitsulo siipindika. Anayesa kuponya ndi dzanja, mazira n'kumugwera paphewa. Mbalame sizinamuyang'ane n'komwe.

"Noreen, supuni za pikiniki zija unaziika kuti?"

"Sindikudziwa," anayankha Noreen ali m'kati, ndipo anatseka zenera la kukhitchini.

Namzeze woyamba anatera pa mlongoti wa Orval cha m'ma 10 koloko. Anakhala pamwamba akudzikung'untha, kenaka anatsikira pa chipanda cha kum'mawa n'kulowa osasuzumira n'komwe, ngati munthu wolowa m'nyumba yake. Pofika 11 koloko anali khumi ndi mmodzi. Atatu sanawoloke. Anadya mazira a Orval, n'kubwerera m'chipanda cha pulasitiki, ndipo Hershel anakokera mpando pafupi ndi mlongoti wake n'kukhala pamvulapo kuwalondera.

Itatsala pang'ono kukwana 12, Orval anatenga mfuti pamene anaisiya. Anaipukuta madzi ndi mkono wa jekete, n'kuidutsitsa pamwamba pa waya, chogwirira kutsogolo. Hershel ananyamuka mosafulumira kudzailandira.

"Ndinati pakhonde."

"Munati ndituluke pabwalo panu."

Hershel anaiyang'ana mfutiyo uku ndi uku. "Atatu aja ndi anga tsopano."

"Mudzawaphetsa ndi mpheta zanuzo."

"Mwina. Koma sindidzawawombera."

Orval anatola mbale yake pa udzu. Munatsala tizidutswa tochepa, ndipo mvula sinkaonetsa zoti ikata lero kapena mawa. Atatu a kutsidyawo nawonso adzafuna kudya madzulo. Analowa m'nyumba kukaona ngati mazira otsala angakwane mpaka Lachinayi.